Kodi maginito angafewetse thupi louma ndi chisanu cha ku Dedza?

Amene munagonapo ku Dedza mu June kapena July mukudziwa. Tauni imeneyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yaikulu, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. Kukacha nkhungu ili mbuu, munthu ukamachoka m'bulangete msana umakhala ngati thabwa. Agogo amene dzulo anatandala akukumba mbatatesi ku Bembeke amangoti, "Iwe, thupi langa lauma gwaa!"

Pa nthawi ngati imeneyi m'pamene amatulukira ogulitsa zibangili, malamba ndi timakina ta maginito. Amati zinthuzi zimakoka magazi, zimafewetsa thupi, zimachotsa kuphwanya konse. Mitengo yake si yamasewera. Agogo asanamasule kansalu kawo ka ndalama za mbatatesi, tiyeni tifunse sayansi.

Kodi chimauma n'chiyani?

Mukamasenda mbuzi kapena kunyula nkhuku, mumaona kanembanemba koyera, kopyapyala, kokutira mnofu. Asayansi amakatcha fascia. Nafenso tili nako. Kamakuta mnofu uliwonse, mafupa, mitsempha ndi ziwalo za m'mimba, n'kuzilumikiza kuyambira kuphazi mpaka kumutu. Kamapangidwa ndi ulusi wolimba wotchedwa collagen ndi wina wotamuka wotchedwa elastin.

Kale madokotala ophunzira za thupi ankangokadula n'kukataya, pofuna kuona minofu bwino. Msonkhano woyamba waukulu wa akatswiri ofufuza fascia unachitika mu 2007 ku Boston, m'dziko la America. Lero tikudziwa kuti muli timitsempha tambiri timene timauza ubongo za ululu ndi mmene thupi lakhalira.

Pakati pa nembanembazi pali madzi oterera okhala ndi hyaluronan, amene amathandiza kuti minofu izitsetsereka bwino ina pamwamba pa inzake. Taganizani za uchi. Kukazizira umalimba, ukautenthetsa n'kuutakasa umayenda. Madziwa amachitanso chimodzimodzi. Onjezerani kuti m'chisanu minofu imadzikunga ndipo mwagona maola ambiri osasuntha, ndiye mwapeza zina mwa zifukwa zoumira thupi m'mawa.

Mu 2011 Dr Helene Langevin ndi anzake ku Vermont anayeza misana ya anthu ndi makina a ultrasound. Anapeza kuti mwa odwala msana kwa nthawi yaitali, nembanemba za kumsana zinkatsetsereka mochepa ndi pafupifupi 20 peresenti poyerekeza ndi anthu abwinobwino.

Nanga maginito?

Ogulitsa amati magazi ali ndi ayironi, choncho maginito amawakoka. Zikumveka zanzeru, eti? Koma ayironi wa m'magazi sali ngati msomali. Amakhala katomu kamodzikamodzi mkati mwa hemoglobin, ndipo sakokeka ngati chitsulo. Makina a MRI a kuchipatala ali ndi maginito amphamvu kuwirikiza mazanamazana kuposa kamaginito komata pafiriji, koma munthu amalowamo n'kutuluka magazi ake ali m'malo mwake. Komanso mphamvu ya kamaginito kakang'ono imatha msanga ukangokasuntha pang'ono. Yesani nokha: ikani kabuku pakati pa maginito ndi pini, muone.

Mu 2007 magazini ya madokotala a ku Canada, CMAJ, inasindikiza kuunika kwa kafukufuku wosiyanasiyana woyerekeza maginito enieni ndi abodza. Sanapeze umboni wokwanira woti maginito ovala amachepetsa ululu.

"Komatu azakhali anga anavala, anapeza bwino!" N'zotheka ndithu. Tamvani iyi. Mu 1796 dokotala wa ku America, Elisha Perkins, anayamba kugulitsa timitengo tachitsulo timene ankati timayamwa magetsi oipa m'thupi. Anthu anagula kwambiri. Mu 1799 Dr John Haygarth wa ku Bath, England, anasema timitengo ta thabwa, n'kutipenta kuti tioneke ngati tachitsulo. Odwala nyamakazi ambiri anati apeza bwino chimodzimodzi. Zimenezi zimatchedwa placebo: chiyembekezo chimachepetsadi mmene timamvera ululu. Ndiponso kuphwanya kwambiri kumatha pakokha pakapita masiku, chibangili n'kutenga ulemu waulere.

Tisanamizane, si kuti magetsi ndi maginito alibiretu ntchito kuchipatala. Mu 1979 bungwe la FDA ku America linavomereza makina otumiza mphamvu ya maginito modukizadukiza pothandiza mafupa othyoka amene akukana kulumikizana. Koma imeneyo ndi ntchito imodzi yodziwika, yolamulidwa ndi dokotala. Si chilolezo choti aliyense azinena kuti kamakina kake kamafewetsa thupi lonse.

Chimene chimathandiza n'chaulere

Nembanemba zimakonda kutentha ndi kuyenda. M'mawa yambani ndi kuyenda ndawala kapena kudumpha chingwe kwa mphindi zisanu, kenako dziwongoleni pang'onopang'ono, kugwira malo amodzi masekondi ngati 30 popanda kudzikakamiza mpaka kumva kuwawa. Mukamawerenga kukonzekera JCE kapena MSCE, muziimirira pakatha theka la ola lililonse. Kumunda muzisinthasintha ntchito, ndipo ponyamula thumba pindani mawondo, osati msana. Kwa agogo, kansalu koviika m'madzi ofunda n'kuthowa pamsana kamathandiza. Bungwe la WHO limalangiza kuti a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi mphindi 60 pa tsiku. Mpira, netiboli ndi kupalasa njinga zonse zimawerengedwa.

Pomwe pali ngozi yeniyeni

Choopsa chachikulu si ndalama zokha, koma nthawi yotayika. Msana wowawa kwa milungu yambiri pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku ukhoza kukhala TB ya msana, yomwe imachizika koma ikachedwa imapuwalitsa miyendo. Dzanzi m'miyendo, kulephera kugwira mkodzo, kapena mfundo zotupa zouma kupitirira ola m'mawa, zonsezi n'zofunika kuchipatala msanga, kaya chaching'ono cha kwanuko kaya chachikulu cha boma pa Dedza.

Tsono wogulitsa akadzafika pakhomo, mufunseni mwaulemu: "Bambo, chinthuchi anachiyerekezapo ndi chabodza? Anayeza ndani, ndipo anapeza chiyani?" Akayamba kuzungulira, auzeni agogo asunge ndalama zawo, inu mukatereke madzi.