Madzi a Pansi pa Nthaka ya Luchenza

Tauni ya Luchenza ili kum'mawa kwa boma la Thyolo, pafupi ndi malire a boma la Mulanje. Inakulira m'mbali mwa njanji imene inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908 kuchokera ku Nsanje. Ukaima pamsika kukacha bwino, phiri la Mulanje limaoneka ngati lili pakhomo, ndipo chakumadzulo kuli mapiri a Thyolo ndi minda ya tiyi ya Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba. Kuno mvula siivuta. Ngakhale m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kwina kwauma gwa, chiperoni chimabwera kudzanyowetsa tiyi.

Mvulayo siyonse imene imatsikira mu mtsinje wa Thuchila. Ina imalowa m'dothi lofiira la katondo, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kufika pa thanthwe lakale limene pamwamba pake panafumbutuka. M'miyala yofumbutukayo ndi m'ming'alu ya thanthwe ndimo mumakhala madzi amene amayi amapopa pa mjigo. M'tauni muli mipopi ya bungwe la Southern Region Water Board, koma m'midzi yozungulira anthu amadalira mijigo, zitsime ndi akasupe.

Madzi oyera m'maso sindiwo madzi abwino nthawi zonse. Nchifukwa chake mjigo ukakumbidwa, akatswiri amatunga madzi m'mabotolo oyera bwino, kuwasunga pozizira, n'kuthamangira nawo kokapima. Choyamba amafufuza tizilombo ta E. coli, timene timakhala m'matumbo a anthu ndi ziweto. Muyezo wa bungwe la zaumoyo la WHO ndi wakuti m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke ngakhale kamodzi. Tikapezeka, ndiye kuti chimbudzi kapena khola zikutulutsira zonyansa m'madzimo. Apa ndi pamene pali nkhawa yaikulu ya dera lino. Thyolo ndi limodzi mwa maboma odzaza anthu kwambiri, ndipo malo ambiri abwino ali m'maesiteti, kotero mabanja amapanikizana pa timalo tochepa. Alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo chikhale chakumunsi. Koma munthu amene malo ake onse sakwana mamita amenewo achite bwanji? Namondwe wa Freddy atagumula zimbudzi m'mwezi wa Malichi 2023, dziko lili kale pa mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 1,700, zitsime zosaya ndizo zinayamba kuipa. Klorini amene alangizi amagawa m'midzi si wongokometsera madzi ayi, amapulumutsa ana.

Akatswiri aja amapimanso mchere wa nayitireti wochokera ku feteleza ndi zimbudzi, umene usapitirire mamiligalamu 50 pa lita. Amaonanso dzimbiri limene limafiiritsa zidebe ndi zovala, ngakhale kuti ilo siliopsa kwenikweni. Kenako pali fulorayidi, amene akachuluka kuposa mamiligalamu 1.5 pa lita amathimbiritsa mano a ana.

Fulorayidi ameneyu amatitengera ku nkhani ina. Iye amachuluka m'madzi amene anatsika pansi kwambiri n'kukhalitsa m'miyala yotentha. Pansi pa dziko kumatentha: ukatsika kilomita imodzi kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 25 mpaka 30. M'chigwa chachikulu m'mene muli nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire, nthaka inang'ambika kalekale, ndipo madzi amatsika m'ming'aluyo, kutenthedwa, n'kubwerera kumtunda akufuka nthunzi. Awa ndiwo akasupe otentha a ku Chiweta m'boma la Rumphi, a Mawira ku Nkhotakota, a ku Liwonde ndi ena. Ku Chiweta madzi amatuluka ndi kutentha kwa madigiri oposa 70, moti sungapisemo dzanja.

Luso la akatswiri a miyala apa ndi lochititsa chidwi. Madzi akamakwera amazizira m'njira, koma mchere umene anasungunula ali pansi amafika nawo. Akayeza kuchuluka kwa silika, sodiyamu ndi potaziyamu m'madzi a pa kasupe, amadziwa kuti kumene madziwo achokera kukutentha motani, asanakumbe n'komwe. Kenako, pofuna kudziwa ngati pangapangidwe magetsi, amayeza kukula ndi kuchindikala kwa thanthwe lotenthalo, n'kuwerengera kutentha kumene lasunga. Pa kutentha konseko, gawo lochepa lokha ndilo lingatulutsidwe, ndipo pa gawolo lochepanso ndilo lingasanduke magetsi. Kuwerengera kumeneku kumafuna kudekha. Ku Zambia anamanga makina a magetsi pa akasupe a Kapisya m'zaka za m'ma 1980, koma madzi sanali otentha mokwanira ndipo makinawo sanagwire ntchito. Ku Kenya, kumene pansi kumatenthadi, malo a Olkaria akhala akupanga magetsi kuyambira 1981.

Ife magetsi athu ambiri amachokera pa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, mafakitale a tiyi anamva kuwawa pamodzi ndi dziko lonse. Mafakitalewo amaumitsa tiyi ndi nkhuni za bulugamu, nchifukwa chake maesiteti ambiri ali ndi nkhalango zawo. Kutentha kwa pansi kukadapezeka pafupi, kukadagwira ntchito imeneyi popanda kugwetsa mtengo. Koma Luchenza ili pamtunda, kunja kwa chigwa chija, ndipo madzi ake ndi ozizira, a mvula ya posachedwapa. Magetsi a nthunzi akadzayamba ku Chiweta, kuno adzafika pa mawaya. Pakadali pano, ntchito imene ili m'manja mwa makomiti a mijigo ku Luchenza ndi kumata ming'alu ya simenti pa mjigo, kutchinga ziweto, ndi kuitana alangizi kudzapimanso madzi mvula ikangoyamba.