Munthu Akamamira pa Damu, Musathamangire Kudumphira M'madzi

Alimi anzanga, madamu a ulimi wothirira ndi maiwe a nsomba akuchuluka m'midzi mwathu, ndipo ine ndine mmodzi mwa olimbikitsa zimenezi. Koma pomwe pali madzi, ana sasowapo. Bungwe la WHO linanena mu 2024 kuti anthu pafupifupi 300,000 amafa pomira chaka chilichonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse amakhala mwana wosakwana zaka zisanu.

Womira kawirikawiri sakuwa, chifukwa mpweya wokuwira alibe. Mutu umangoti tulukire, bire. Kuwani ndinu. Tumani munthu mmodzi, pomutchula dzina, kuti aimbe foni kapena apalase njinga kukaitana achipatala. Mukangoti "wina athamange", aliyense amayang'ana mnzake.

Musadumphiremo. Womira amakakamira aliyense amene wamuyandikira, ndipo maliro amakhala awiri. Komanso khoma la damu ndi lotsetsereka, dothi lake loterera. Gonani chafufumimba m'mphepete ndi kumupatsira nsungwi, chitenje kapena paipi yothiririra. Ngati ali patali, muponyereni chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotseka bwino, chomangidwa ku chingwe. Chimayandamitsa kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 20, zokwanira kuti mutu wa munthu wamkulu ukhale pamwamba. Kuona kwanga, kalabu iliyonse yokhala ndi damu izipachika chigubu chotere pamtengo pompo.

Mukamuvuula, musamuzondotse kapena kumupsinya pamimba ati kuti madzi atuluke. Ambiri amatero, koma kumeneko ndi kutaya nthawi, ndipo masanzi amatha kulowa m'njira ya mpweya. Ubongo umayamba kuonongeka pakangopita mphindi zinayi mpaka zisanu ndi imodzi wopanda mpweya, choncho galimoto musaidikire.

Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, mutukule chibwano, mutsine mphuno ndi kumuuzira mpweya pakamwa kasanu, mukuona kuti chifuwa chikukwera. Kenaka dinikizani pakati pa chifuwa ka 30, mwamphamvu ndi mofulumira, muuzire kawiri, mubwerezenso. Muzilandizana mpaka ayambe kupuma kapena achipatala afike. Kwa mwana wamng'ono dzanja limodzi limakwana.

Akayamba kupuma, mugonekeni chammbali, mumuvule zonyowa ndi kumufunditsa. Ngakhale adzuke n'kumalankhula, apite ndithu ku chipatala tsiku lomwelo, chifukwa madzi ochepa amene alowa m'mapapo amatha kuyambitsa chifuwa ndi befu patapita maola angapo.