Ndege ya hayala: musanakwere, funsani amene walipira

MUNTHU wa kuno ku Milange akafuna kutumiza chimanga kapena nandolo ku Mocuba, amapita pa siteji, nakambirana mtengo ndi mwini lole, basi ulendo nkuyambika. Kumaiko akunja anthu a ndalama zawo akuchita chimodzimodzi ndi ndege. Safola pamzere wa matikiti ndipo sadikira tsiku limene kampani idaika. Amatenga foni ya m'manja, kulemba kumene ali ndi kumene akupita, kusankha ndege, nalipira pomwepo.

Ena mwa awerengi anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya azungu, yosatikhudza ife oyenda pa kabaza. Koma ndege yosayenda pa ndondomeko ya onse, yonyamuka chifukwa wina wailipira yonse, si yachilendo m'dera lino la m'malire. Idanyamulapo abambo athu kupita ku migodi, idatibweretserapo chakudya nthawi ya nkhondo, ndipo posachedwapa yanyamula achinyamata kupita ku minda ya kutali. Pa maulendo onsewa lamulo lakhala limodzi: amene walipira ndege ndiye amanena kumene ipite, amene akwere, ndi tsiku lobwerera.

Mmene malondawa amayendera

Ndege zimene ambiri timazidziwa, monga za LAM zotera ku Quelimane kapena za Malawi Airlines zotera pa Chileka ku Blantyre, zili ngati basi: munthu amagula mpando umodzi, nayendera nthawi ya kampani. Ndege ya hayala ili ngati lole imene munthu waitenga yekha. Amalipira ndege yonse, kuwerengera maola amene ikhale mumlengalenga, kaya wakweramo yekha kaya ndi anzake khumi.

Kampani yaikulu pa malondawa ndi NetJets ya ku America, imene idayamba mu 1964. Iyo imagulitsa ndege m'magawo, monga mmene mabanja angapo angasonkherane kugula ngolo imodzi nkumaigwiritsa ntchito mosinthana. Ina ndi VistaJet, yomwe idayamba mu 2004. Kufupi ndi kuno, ndege zambiri zotere zimanyamukira pa bwalo la Lanseria pafupi ndi Johannesburg.

Mtengo wake ngwoopsa. Jeti yaing'ono imadya madola zikwi zingapo pa ola limodzi, ndipo yaikulu imapitirira madola 10,000. Pa mtengo wa ndalama wa mu 2024, amenewa ndi ma meticais pafupifupi 640,000, kulipirira ola limodzi lokha.

Foni ndiyo idabweretsa chachilendo. Mu 2012 ku Florida kudayamba kampani yotchedwa JetSmarter, imene idapanga pulogalamu ya m'foni yogulira maulendowa. Nzeru yake dalaivala aliyense wa lole akuidziwa. Lole ikakatsitsa katundu ku Mocuba, mwini wake safuna kuti ibwerere chabe, choncho amanyamula aliyense wopezeka pa mtengo wotsika. Ndege nazo zikakatula bwana, kawirikawiri zimabwerera zopanda munthu. JetSmarter inkagulitsa mipando ya maulendo obwerera chabewa kwa mamembala olipira pa chaka. Patapita nthawi mamembala ena adaisumira ponena kuti idasintha malonjezo ndalama atalipira kale, ndipo mu 2019 idagulidwa ndi eni ake a VistaJet.

Apa pali chinthu chofunika kuchigwira. Makampani ambiri a pa foniwa alibe ndege ngakhale imodzi. Iwo ndi amkhalapakati chabe, ngati anyamata oitanira pa siteji. Mwini ndege, woikonza ndi woiyendetsa amakhala ena, omwe wokwera sawadziwa.

Ndege za Wenela

Abale athu a tsidya la Ruo, ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, adaidziwa ndege kalekale chifukwa cha Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, bungweli lidali ndi ndege zakezake. Amuna ankakwera pa Chileka kapena ku Lilongwe, kukatsika ku Francistown m'dziko la Botswana, kenaka nkupitiriza pa sitima ya pamtunda. Palibe amene ankagula tikiti. Migodi ndiyo inkalipira, ndipo munthu ankabwerera kontirakiti ikatha.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 idagwa itangonyamuka ku Francistown, itanyamula amuna obwerera kwawo ku Malawi. Mwa anthu 84 amene adalimo, 78 adafa. Ofufuza adapeza kuti petulo wa ndegeyo adasakanikirana ndi mafuta a jeti, omwe injini zake sizikadatha kuyendera. Okwerawo sadalakwe kanthu. Adakhulupirira amene adawakweza, poti njira yodziwira zimene zathiridwa mu thanki adalibe.

Ngoziyi itachitika, Dr Kamuzu Banda adaletsa Wenela kulemba anthu m'Malawi, ndipo amuna zikwizikwi adabwezedwa kumudzi. Ntchitoyi idayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, mpaka idathera mu 1988.

Nthawi ya nkhondo ndi ya madzi osefukira

Ndege ya hayala ili ndi mbiri yabwinonso. Tauni ya Milange idalandidwa ndi Renamo mu 1986, ndipo asilikali a boma adaitenganso mu 1988. M'zaka zimenezo anthu ochuluka adathawira ku Muloza ndi madera ena a Malawi, dziko lomwe lidasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Amene adatsala m'Zambezia adali pa mavuto aakulu, pakuti misewu idali ndi mabomba okwirira ndipo magalimoto ankawomberedwa. Kumaboma ambiri a chigawo chino chimanga, nyemba, mankhwala ndi anamwino zinkafika pa ndege zonyamuka ku Quelimane, zolipiridwa ndi mabungwe othandiza monga World Vision, mogwirizana ndi nthambi ya boma imene anthu ankangoitchula kuti Calamidades. Zidakhala choncho mpaka mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndi misewu itayamba kutsegulidwa.

Madzi nawo amatikumbutsa zomwezo. Mu Januwale 2015, mtsinje wa Licungo utadula mlatho wa ku Mocuba, mahelikopita ndiwo adapulumutsa anthu amene adazingidwa ndi madzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atalowa pafupi ndi Quelimane nakagumula mapiri a ku Mulanje ndi Phalombe, midzi ina idafikika pa helikopita pokha, ndipo maiko a Tanzania ndi Zambia adatumiza ndege zawo kukathandiza Malawi.

Komabe ngakhale pa chithandizo, lamulo lija silisintha. Ndege imatera kumene bungwe lolipira lasankha, ndipo ndalama za bungwelo zikatha ndegeyo imapita kwina. Ndege yaing'ono imanyamula matumba ochepa poyerekeza ndi lole, pa mtengo wokwera koposa. Ndi chifukwa chake phula la msewu wa Milange kupita ku Mocuba ndi lamtengo wapatali kwa mlimi ndi wodwala kuposa ndege iliyonse. Jeti za mabwana zimafuna bwalo lalitali losalala bwino monga la Chileka kapena Quelimane, ndipo pa bwalo la dothi wamba sizitera.

Nthawi zina wolipira ndi inu

Pamene wokwera ndi mtsogoleri wa dziko, ndalama zimachokera ku msonkho. Mu 2009 boma la Malawi, pansi pa Bingu wa Mutharika, lidagula jeti ya Dassault Falcon 900EX pa mtengo wa madola pafupifupi 22 miliyoni. Dziko la Britain lidakwiya mpaka lidachepetsa thandizo lake ndi mapaundi 3 miliyoni. Mayi Joyce Banda atalowa m'boma adaigulitsa mu 2013 pa madola 15 miliyoni. Kuchokera pamenepo, mtsogoleri wa Malawi akafuna kupita kunja amakwera ndege za onse kapena za hayala, ndipo mtengo wa hayalayo wakhala nkhani ya mkangano m'nyuzipepala ndi m'nyumba ya malamulo. Wogulitsa tomato pa msika wolipira chiphaso tsiku ndi tsiku ali ndi ufulu wofunsa za ndalama zimenezi, kaya ali mbali ino ya Ruo kaya inayo.

Matola a mumlengalenga

Monga pamsewu pali matola, mumlengalenga namonso alimo: ndege zonyamula anthu pa ndalama popanda chilolezo. Okonda mpira akukumbukira Emiliano Sala, mnyamata wa ku Argentina amene timu ya Cardiff City idamugula kuchokera ku Nantes ya ku France. Pa 21 Januwale 2019 kandege kamene adakwera usiku kadagwera m'nyanja ya pakati pa France ndi England, ndipo iye ndi woyendetsa adafa. Zidadziwika kuti woyendetsayo adalibe chiphaso chonyamulira anthu olipira, komanso sadali wololedwa kuuluka usiku. David Henderson, amene adakonza ulendowo, adagamulidwa mu 2021 kukakhala kundende miyezi 18.

Ngati munthu wogulidwa pa mapaundi mamiliyoni adakwezedwa ndege yopanda chilolezo iye osadziwa, nanga mwana wa kumudzi? M'dziko lino ntchito yopereka zilolezo kwa makampani a ndege ili m'manja mwa Instituto de Aviação Civil de Moçambique. Kampani yoona siopa kutchula dzina la mwini ndege ndi chilolezo chake.

Wenela wa masiku ano

Mu Novembala 2023 achinyamata 221 a ku Malawi adanyamuka ku Lilongwe pa ndege imene idabwera mwapadera kudzawatenga, kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Kumeneko nkhondo idali itangobuka mu Okutobala, ndipo antchito ambiri a maiko ena adali atachoka m'mindamo. Ena mwa amene adapita adatumiza ndalama kwawo. Ena adadandaula za malipiro, ndipo mu Meyi 2024 boma la Malawi lidalengeza kuti anthu 12 abwezedwa chifukwa chochoka m'minda imene adalembedwa. Chaka cha 2022 kudamvekanso za amayi a ku Malawi amene adavutika m'nyumba za mabwana ku Oman. Ambiri mwa iwo adakopeka ndi anthu olonjeza ntchito ndi tikiti yaulere, koma atafika adalandidwa mapasipoti.

Kale wolemba ntchito ankabwera pa boma, anthu nkumuona nkhope. Lero amabwera kudzera pa WhatsApp ndi Facebook, m'foni yomweyo imene timalandirira ndalama pa M-Pesa ndi e-Mola. Foni yafupikitsa njira yopezera ndege, ndipo wamalonda wa kuno atha kugula tikiti ya Quelimane kupita ku Maputo ali pakhonde pake. Koma foni yomweyo imabisa nkhope ya munthu amene mukukambirana naye.

Choncho makolo, mafumu ndi achinyamata, wina akakulonjezani ulendo wa pa ndege umene simulipira nokha, khalani pansi mufunse. Kodi walipira ndani, ndipo ndalamazo adzazidula pa malipiro anu? Kodi tikiti yobwerera ilipo, ndipo isungidwa ndi yani? Kodi pasipoti ikhala m'thumba mwanu? Kodi kontirakiti yalembedwa m'chinenero chimene inu mukumva, ndipo a ofesi ya zantchito ya boma akuidziwa? Ngati mukugula tikiti nokha pa foni, lipirani ku kampani yeniyeni ya ndege kapena ku ofesi yodziwika, osati ku nambala ya munthu amene simudamuonepo. Mukalipira, tsimikizani ndi kampaniyo kuti dzina lanu lalembedwadi.

Akulu adati safunsa adadya phula. Amuna a ku Francistown aja adalibe mwayi wofunsa, koma ana awo ndi zidzukulu zawo ali nawo. Wokulembani ntchito akakwiya ndi mafunso amenewa, kapena akakufulumizitsani kuti ndege ikunyamuka mawa, kauzeni amfumu ndi apolisi musanapereke pasipoti kapena ndalama iliyonse.