Kodi Agogo Anu Analembedwa Pati?

M'tsinde mwa phiri la Zomba, pakati pa nyumba zakale za boma la atsamunda, pali ofesi yosunga zolembedwa zakale za dziko lino, ya National Archives of Malawi. Inatsegulidwa mu 1947, Zomba akadali likulu la Nyasaland. Kumeneku kumafika ophunzira a ku yunivesite, mabanja olimbirana ufumu, ndi ena ofufuza malire a malo. Aliponso amene amabwera ndi funso limodzi lokha: kodi kholo lathu linali yani, ndipo linachokera kuti?

Funsoli limavuta kwambiri ngati kholo lija linali mlendo m'dziko muno. Mabanja ena a ku Zomba, Blantyre, Mulanje ndi Mangochi ali ndi dzina lachilendo limene anangolandira, ndi kambiri kakuti agogo a agogo anali Mzungu kapena Mmwenye. Mabanja ambiri zedi amadziwa kuti makolo awo anadutsa malire kuchokera ku Mozambique atasenza katundu pamutu. Kuti tione pamene mapepala amathandiza ndi pamene amalekezera, tiyeni titsate mapazi a mlendo mmodzi wa mtundu wachijeremani.

Mapazi a Eugene Sharrer

Eugene Sharrer anali Mjeremani amene anatenga unzika wa Britain. Anafika kuno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880 ngati wamalonda, ndipo posakhalitsa anali ndi masitolo otchedwa Kabula Stores, minda ya khofi ndi thonje, komanso sitima zapamadzi zoyenda pa Shire ndi Zambezi.

Wofufuza moyo wa munthu ngati ameneyu sasowa poyambira, chifukwa chilichonse chimene ankagwira chinkasiya pepala. Dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891, bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, anayamba kuunika malo amene azungu ankati anagula kwa mafumu. Amene wavomerezedwa ankalandira chikalata chotchedwa Certificate of Claim. Sharrer anatuluka ndi maekala oposa 300,000, kukhala mmodzi wa eni malo akuluakulu m'dziko lonse. Dzina lake limapezekanso pa nkhani ya njanji yoyamba, imene inalumikiza Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, ndi Blantyre mu 1908. Mu 1902 anaphatikiza malonda ake onse kukhala British Central Africa Company, kenaka anasamukira ku London.

Taonani mmene mbiriyi yalukidwira: chikalata cha malo, kaundula wa kampani, zidziwitso za boma, nkhani za m'nyuzipepala. Nyuzipepala ya boma, British Central Africa Gazette, inayamba kusindikizidwa ku Zomba mu 1894, ndipo m'menemo munkatuluka mayina a azungu ofika, ochoka, ogula malo ndi omwalira.

Koma zikalata zomwezo zili ndi mbali ina. Zambiri mwa izo zinali ndi mawu oletsa kusuntha midzi ndi minda imene inalipo kale pamalopo. Patapita zaka, lonjezolo linaiwalika m'maesiteti ambiri, ndipo anthu anayamba kulipira malo okhala pogwira thangata. Alomwe ambiri amene ankathawa nkhanza za Apwitikizi anafikira m'maesiteti otere. Iwowa ndiwo analima khofi, thonje ndi fodya. M'mabuku amangowerengedwa ngati chiwerengero cha antchito kapena cha nyumba zokhoma msonkho.

Chifukwa chake ena sapezeka

Si kuti makolo athu anali osafunika. Lamulo la 1904 lolembetsa kubadwa ndi imfa linkakakamiza anthu amene sanali Aafirika okha. Mwana wa Mzungu ankakhala ndi setifiketi. Mwana wa m'mudzi ankadziwika ndi amayi ake, atsibweni ake ndi nyakwawa basi. Kulembetsa mwana aliyense kwakhazikika posachedwapa, ndipo ziphaso za unzika zinaperekedwa kwa anthu ambiri mu 2017.

Chinanso, mu 1919 moto unapsereza ofesi yaikulu ya boma ku Zomba, ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira anathera pomwepo. N'chifukwa chake wofufuza zakale kwambiri amadalira mabuku a mamishoni, a makampani ndi a mabwana a disi.

Ngakhale chipilala cha asilikali a King's African Rifles, chija chili m'mbali mwa msewu polowa mu mzinda wa Zomba, chimatiphunzitsa zomwezo. Chimakumbutsa asilikali amene anafa pa nkhondo ya Chiwaya, yolimbana ndi Majeremani kuyambira 1914. Koma amtengatenga miyandamiyanda amene anasenza chakudya ndi zipolopolo, ambiri n'kufera m'njira, mayina awo anatsala m'mitima ya abale awo mokha.

Yambirani pakhomo

Musanakwere minibasi ya ku Zomba, khalani pansi ndi munthu wamkulu kwambiri pa mtundu wanu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo silikhala mpaka kalekale. Gulani kope limodzi lachikuto cholimba, ndipo ngati agogo alola, jambulani mawu awo pa foni.

Funsani mayina onse a munthu mmodzi. Kale mwamuna ankatha kukhala ndi dzina la paubwana, lina la kuchinamwali, lina la paubatizo, ndi linanso limene kapitawo analemba pa esiteti kapena ku Wenela. Mukafufuza ndi dzina limodzi lokha mudzamuphonya. Lembani mfunda wake, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Tsatani mbali zonse ziwiri. Kwathu kuno kwa chikamwini ndi chapafupi kudziwa mbumba ya amayi mpaka mibadwo inayi, koma osadziwa kumene abambo a abambo anachokera.

Agogo akati sadziwa chaka, musawapanikize. Afunseni kuti anali msinkhu wanji pamene Napolo anagumula phiri la Zomba mu December 1946, kapena pa njala ya 1949, pa chipwirikiti cha 1959, pa ufulu wa 1964, kapena pamene likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Mayi amene akuti pa Napolo anali atangoyamba kutunga madzi ndi kachidebe wakuuzani kale zaka zake.

Kenaka tsegulani sutikesi ija ili pansi pa bedi. Ziphaso za msonkho, chitupa cha ku Joni kapena ku Harare, setifiketi ya ukwati, makadi a kusikelo, makalata, ndi masamba oyamba a Baibulo la banja, zonsezi ndi umboni. Kuseri kwa chithunzi chilichonse lembani ndi pensulo mayina a anthu amene alipo. Musazimate ndi selotepi. Zijambuleni pa foni, mutumizireko abale awiri kapena atatu, ndipo zenizenizo muzisunge pouma, posafika chiswe.

Mabuku a mpingo

Kwa ife a Adventist, mlembi wa mpingo ndi mnzathu pa ntchitoyi. Kaundula wake amasonyeza tsiku la ubatizo, mbusa amene anabatiza, ndi mpingo umene munthu anachokera kapena kusamukira. Kumbukirani kuti mpingo wathu subatiza makanda, choncho tsiku la ubatizo si la kubadwa. Ngati makolo anali a Katolika, a Anglican kapena a CCAP, mabuku a ubatizo wa ana angakupatseni chaka chobadwa ndi mayina a makolo onse awiri.

Mabanja amene analandira uthenga kalekale angapeze mizu yawo ku Malamulo, ku Thyolo, kumene ntchito yathu inayamba mu 1902, kapena ku Matandani, ku Neno, kumene inayamba mu 1908. Ku Matandani kunagwira ntchito Samuel Konigmacher, mmishonale wochokera ku America wa dzina lachijeremani, pamodzi ndi Peter Nyambo, mwana wa dziko lino. Apa mlendo ndi mwini mudzi analembedwa pa tsamba limodzi.

Mukatolera zonsezi ndiye pitani ku Zomba pakati pa sabata, mutanyamula chiphaso chanu ndi mayina, midzi ndi zaka zimene mwapeza. Wofika ndi dzina la mudzi ndi la mfumu amathandizika msanga kuposa wongoti, "Ndikufuna agogo anga."

Mbiri ya banja imateteza moyo

M'kope lomwelo siyani tsamba la matenda. Pa kholo lililonse lembani zaka zimene linakhala ndi chimene linadwala. Akuluakulu sangatchule dzina la kuchipatala, koma adzati, "Anangofa ziwalo mbali imodzi," "Ankatupa miyendo," kapena "Chilonda cha paphazi chinakana kupola." Lembani momwemo, dokotala adzamva tanthauzo lake.

Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amakonda kuyenda m'magazi a pabanja, ndipo amatha kukhala zaka zambiri osaonetsa chizindikiro. Ngati bambo, mayi kapena m'bale wanu anadwalapo, kayezetseni ngakhale mukumva bwino. Mayi amene amayi ake kapena mchemwali wake anadwala khansa ya m'mawere awauze a chipatala. Achinyamata okonzekera ukwati afunse ngati pamtundu panali ana odwaladwala, osowa magazi ndi kuphwanya kwa mafupa, chifukwa makolo onse awiri akakhala ndi mbewu ya sickle cell, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa.

Kudziwa izi si kulandira chiweruzo. Kuchepetsa mchere, shuga ndi mafuta, kudya ndiwo zamasamba, nyemba ndi mgaiwa, kuyenda pansi, ndi kupewa fodya ndi mowa kumachepetsa chiopsezo ngakhale kwa amene anatengera.

Mukapeza zowawa

Wofukula zakale sapeza zokoma zokhazokha. Mwina mudzamva kuti kholo lachilendo lija linasiya mayi ndi ana n'kubwerera kwawo osatembenuka. Mwina agogo anali kapitawo wowopedwa pa thangata, kapena anagwidwa ukapolo. Musabise, komanso musagwiritse ntchito kunyoza amoyo. Nkhani imene ingapweteke munthu amene alipo, yambani mwakambirana naye.

Mateyu polemba mzere wa makolo a Yesu sanachotsemo Rahabi wa ku Yeriko kapena Rute wa ku Moabu, onse alendo, ndipo sanabise tchimo la Davide. Paulo naye anachenjeza Timoteo za kukangana pa mibadwo ya makolo kosatha. Tikufufuza kuti tidziwe mmene Mulungu watiyendetsera, ndi kuti tisamale matupi athu ndi a ana athu, osati kuti tidzikweze chifukwa cha khungu kapena dzina.

Sabata likudzali, mukatha chakudya chamasana, itanani ana akhale pamphasa ndi agogo awo. Mwana mmodzi agwire kope. Funso loyamba likhale losavuta: "Agogo, amayi anu dzina lawo anali ndani?"