Chibiya cha Muyeso Wabwino

Angoni a Maseko anakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870. Dzina la Angónia linachokera kwa iwo. Amuna akamavina ngoma amavala chibiya m'chiuno. Chibiya amachipanga ndi zikopa zodula mizeremizere.

Chibiya chili ndi muyeso wake. Chikatalika kwambiri chimakukola miyendo pamene ukuponda pansi mwamphamvu. Chimakhwekhwerezeka m'fumbi, ndipo chikopa chimatha msanga. Chikafupika kwambiri chimakuchititsa manyazi pamaso pa apongozi.

Kuyeza kwake

Tengani chingwe. Imirirani chilili. Mnzanu ayeze kuyambira m'chiuno mpaka pabondo. Mangani mfundo pamene chingwe chathera. Dulani zikopa motsata chingwecho.

Mukavala, gwadani. Nsonga za zikopa zingokhudza pansi pang'ono. Zikaunjikana pansi, chibiya chatalika. Chidulireni. Lamba akhale wolimba, koma zala ziwiri zizilowa pakati pa lamba ndi mimba.

Kukhala kwake

Valani kabudula mkati. Pokhala pampando, yambani mwasalaza zikopa zakumbuyo ndi manja onse awiri. Zigone pansi pa ntchafu, zisapindike. Zikopa zakutsogolo zitsikire pakati pa miyendo. Pamphasa, tambasulani miyendo pamodzi. Musakhale ponyowa, chifukwa chikopa chikanyowa chimauma gwa!

Chikopa cha mbuzi ndi chokwanira. Tisaphe nyama zakutchire chifukwa cha chibiya.

Mafunso

1. Kodi chibiya chilekeze pati?
2. Tichite chiyani tisanakhale pampando?
3. Lembani mawu awa: bondo, chiuno, chikopa.