Khoti lomwe ankagulitsira anthu pakhomo pake

Wina wandifunsa pa Facebook kuti, "Zinyumba zakalekale amazisungiranji?" Ndiyankha ndi chitsanzo cha Old Courthouse, khoti lakale la mumzinda wa St. Louis ku America. Anayamba kulimanga mu 1839, n'kulimaliza mu 1862. Kumaso kwake kuli zipilala zonga za akachisi a Agiriki, pamwamba pali denga lozungulira lachitsulo, lotengera tchalitchi cha St. Peter's ku Rome.

Komatu kukongolako kusakupusitseni. Pamasitepe akewo ankagulitsirapo akapolo. M'khoti lomweli, mu 1846, Dred Scott ndi mkazi wake Harriet, omwe anali akapolo, anakasuma kuti amasulidwe. Mlanduwo unakathera kukhoti lalikulu la dzikolo mu 1857, ndipo Scott anagonja.

Milandu inasiya kuzengedwa m'menemo mu 1930, pano anthu amapitako kukaphunzira mbiriyi. Akanaligwetsa, bwenzi ana awo akuwalozera pati?