GALIMOTO YAKALE IKADZUKA, ISANYAMUKE MIYENDO ISANAKONZEDWE

Kuseri kwa nyumba zambiri za ku Kabwata ndi ku Chelstone, ngakhalenso m'mayadi a ku Woodlands ndi ku Kabulonga, kuli magalimoto akale amene anagona pansi zaka zambiri zapitazo. Ena anakhazikidwa pa njerwa, ena matayala anaphwa mpaka kumira m'dothi, ndipo ena nkhuku zinawasandutsa malo oikiramo mazira. Pakati pa magalimoto otere sipalephera kupezeka Peugeot 504, imene kale inali kunyamula aphunzitsi, akalaliki a boma, odwala ndi matumba a cimanga pa mseu wopita kum'mawa.

Kawirikawiri nkhani yake imayamba motere. Mwini galimoto wamwalira kapena wapuma nchito, ndipo abale a ku Petauke kapena ku Katete agwirizana kuti vaneti ija isaolere mu Lusaka, koma ipite kumudzi ikathandize kututa nshawa ndi thonje. Asonkha ndalama za zokolola, apeza makanika, injini ilira, utoto watsopano upakidwa, ndipo tsiku lomwelo katundu akwezedwa. Apa ndi pamene pagona ngozi. Ndalama zonse zathera pa zimene khutu limamva ndi zimene diso limaona, koma za pansi pa galimoto, zimene zimagwira mseu, palibe wazikhudza. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cifukwa cace galimotoyi inachuka

Peugeot 504 inayamba kupangidwa ku France mu 1968, kulowa m'malo mwa mkulu wace, Peugeot 404, ndipo mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya caka ku Ulaya. Koma mbiri yace yeniyeni inamveka kuno ku Africa. Pa mpikisano woopsa wa East African Safari, 404 inapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Mu 1963 magalimoto 7 okha ndiwo anafika kumapeto, ndipo patsogolo panali 404 ya Nick Nowicki. Mu 1975 Ove Andersson anapambananso mpikisano womwewo ndi 504. Magalimotowa sanali aliwiro koposa anzao. Cimene cinawapambanitsa ndi miyendo yao, imene inali kumeza mabampu ndi matope popanda kuthyoka kapena kutaya mseu.

M'dziko muno fakitale ya Livingstone Motor Assemblers inayamba kulumikiza magalimoto a Fiat mu 1972, ndipo pambuyo pace inalumikizanso a Peugeot. Mtengo wa kopa utagwa ca m'ma 1975, ndalama zakunja zinasowa, ndipo zitsulo zatsopano za magalimoto zinasowa nazo. M'zaka zimenezo ndi m'mene amakanika a mu Lusaka anaphunzira kudzutsa cakufa: kusema mphira kucokera ku tayala lakale, kusula citsulo cosweka, kuphatikiza injini ziwiri kuti ituluke imodzi. Boma litatsegula malonda pambuyo pa 1991, magalimoto ogwirapo kale nchito a ku Japan anadzaza mzinda, fakitale ya ku Livingstone inaleka, ndipo 504 inakankhidwira kuseri kwa nyumba. Komabe ku Kenya ndi ku Nigeria inapitiriza kulumikizidwa mpaka kupyola caka ca 2000, n'cifukwa cace zitsulo zace sizinatheretu pa msika.

Kudzutsa injini

Injini yodziwika ya petulo ya 504 ndi ya masilinda 4, ya 1971 cc, ndipo inaikidwa copendekeka. Thunthu lace ndi la citsulo, mutu wace ndi wa aluminiyamu. Ubwino wace waukulu ndi wakuti mapisitoni sayenda m'thunthu lenilenilo, koma m'mabomba ocotseka amene amakanika amawacha ma liner, ndipo madzi oziziritsa amazungulira mabombawo mwacindunji. Kotero injini ikatha, sipafunika kuboola thunthu ku makina. Munthu amazula mabomba akale, naikamo atsopano pamodzi ndi mapisitoni ndi maring'i ace. Nchito yotere itheka pansi pa mtengo wa mango, malinga pakhale poyera ndi popanda fumbi.

Koma ubwino womwewo uli ndi msampha. Pansi pa bomba lirilonse pali cotsekera copyapyala coletsa madzi kutsikira m'oilo. Mutu wa injini ukacotsedwa, mabomba amakhala opanda cowagwira, ndipo wina akangozungulitsa injini mwacibwana, pisitoni imakweza bomba, cotsekera cija n'kuonongeka. Makanika wodziwa amayamba wapanikiza mabombawo ndi mabauti asanakhudze cina ciriconse. Amayezanso kuti milomo ya mabomba yatulukira pang'ono pamwamba pa thunthu ndiponso mofanana, pakuti ngati limodzi latsika, gasiketi yatsopano siikhalitsa. Mwini galimoto angathe kuzindikira bvuto limeneli yekha: oilo ikasanduka yotuwa ngati tiyi wamkaka, madzi alowa.

Mutu wa aluminiyamu suyanjana ndi kutentha. Injini imene inawirapo madzi kawirikawiri imakhala ndi mutu wopindika, ndipo umenewu uyenera kupita kwa amisiri a makina m'dera la mafakitale kuti ukapalidwe. Kumeneko ndi kumenenso crankshaft imayezedwa ndi kupalidwa kuti igwirizane ndi mabering'i atsopano. Pobwezera mutu, mabauti amamangidwa motsatira ndondomeko, kuyambira pakati kupita kumbali, ndi sipana yoyeza mphamvu. Mkono wa munthu, ngakhale wa makanika wa imvi, si muyezo. Ndipo ndi kutaya ndalama kukonza zonsezi n'kusiya redieta yodzala ndi dzimbiri ndi mipaipi ya mphira youma, cifukwa cimene cinapha injini poyamba cidzaiphanso.

Pali cinanso cimene ambiri sacilingalira. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo mpweya wa pamtunda wotere ndi wopepuka. Injini yopanda makina oumiriza mpweya imataya mphamvu yoposa gawo limodzi mwa magawo khumi. Tsono kabuleta ikacunidwa mosasamala imamwetsa injini petulo wambiri kuposa mpweya umene ulipo: utsi umada, mapulagi amadetsedwa, thumba la mwini n'kumapepuka. Makanika wabwino amaona mtundu wa mapulagi galimoto itayenda ulendo, osangodalira kulira kwa injini itaima.

Injini yokonzedwa kumene ili ngati ng'ombe yophunzira goli. Pa makilomita 1,000 oyamba siyenera kuthamangitsidwa kapena kusenzetsedwa katundu wolemera. Pambuyo pace oilo imatayidwa, mabauti a mutu amaonedwanso, ndi mipata ya mavavu icunidwanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za pansi pa galimoto

Tsono injini yadzuka, mphamvu zabwerera monga kale. Funso ndi lakuti, kodi cogwira mphamvuzo pa mseu ciripo? Galimoto imene yagona zaka khumi siikalamba injini yokha. Mphira yense wa pansi amauma ndi kung'aluka ngakhale galimoto isanayende mtunda uliwonse, ndipo mafuta a mabuleki amamwa cinyontho, nadyetsa dzimbiri zitsulo za m'kati. Galimoto yofooka injini imangocedwetsa ulendo. Yamphamvu injini koma yofooka miyendo imafikitsa anthu msanga pa ngozi.

Kutsogolo kwa 504 gudumu lirilonse liri ndi mwendo wacewace, wokhala ndi sipuling'i yopota ndi shock absorber m'kati mwace. Kumbuyo kumasiyana malinga ndi mtundu. Ya banja yapamwamba ili ndi magudumu oyenda payekhapayekha. Yaitali ya mipando yambiri ili ndi ekiselo imodzi yokhala pa masipuling'i opota anai. Vaneti ili ndi masipuling'i a mipeni yosanjikiza. Wogula zitsulo m'masitolo a m'tauni kapena zakale ku Soweto ayenera kudziwa mtundu wa galimoto yace, cifukwa dzina lakuti 504 lokha silikwanira.

Anthu ambiri amayesa kuti nchito ya shock absorber ndi kusangalatsa okwera kuti asagwedezeke. Nchito yace yeniyeni ndi kuletsa gudumu kudumphadumpha, kuti tayala likhale lokanirira pansi nthawi zonse. Tayala limene liri m'mwamba, ngakhale kwa kamphindi, silimva buleki ndipo silimva ciwongolero. Pa mseu wa fumbi wokhala ndi mizere ngati malata, monga yambiri yopatuka kupita kumidzi, galimoto ya ma shock akufa imayamba kuyenda cammbali yokha, woyendetsa n'kumadabwa. Kuyesa kwace n'kosabvuta: munthu atsamire ndi mphamvu pa ngodya imodzi ya galimoto, kenaka aileke. Ikakwera n'kukhazikika, zili bwino. Ikapitiriza kubvina, kapena ngati pa shock paoneka mafuta otayikira, yatha. Amasinthidwa awiriawiri, kumanzere ndi kumanja pamodzi. Kusintha mbali imodzi kuli ngati kumanga ng'ombe ndi bulu pa goli limodzi.

Cotsatira ndi timphira ta m'mfundo, timene amakanika amati mabushi, pamodzi ndi mfundo za ciwongolero. Galimoto ikakwezedwa pa jeke, gudumu ligwidwe ndi manja awiri ndi kugwedezedwa, coyamba pamwamba ndi pansi, kenaka kumanzere ndi kumanja. Kugogoda kulikonse ndi cizindikiro. M'zaka za kusowa, mphira wosemedwa ku tayala anapulumutsa ambiri, ndipo amisiri a nthawi imeneyo ayenera ulemu. Koma lero, pamene mabushi enieni apezeka, kupitiriza mwambowo ndi umbombo cabe. Ndipo mfundo ya ciwongolero ndiyo yosayenera konse kuwocherera kapena kuimenya ndi nyundo kuti ileke kugwedera. Ikazuka galimoto ili pa liwiro, gudumu limapita kwace, galimoto kwace.

Pa nkhani yoonjezera mphamvu ya miyendo ndi pamene anthu amasiyana nzeru. Anyamata a m'tauni amakonda kudula masipuling'i kuti galimoto itsike ioneke bwino pa Cairo Road. Galimoto yotere ingakondweretse maso ku Kabulonga, koma siifika patali pa mseu wa kumudzi mimba yace isanakhule mwala, ndipo sipuling'i yodulidwa ingathe kucoka pa mpando wace. Alimi naonso ali ndi cizolowezi cao: kuonjezera mipeni pa masipuling'i a vaneti kuti isakhale pansi ikasenza. Mpeni umodzi woonjezera ungathandize vaneti yotopa, koma suonjezera mphamvu ya mabuleki, ya ekiselo kapena ya matayala. Umangobisa kulemera kumene kale kunali kuonekera. Ndiponso vaneti youma kumbuyo, ikakhala yopanda katundu, imadumpha ndi kutaya matako pa ngodya. Kukonza kwanzeru ndi kubwezera galimoto pa msinkhu umene inapangidwira, ndi masipuling'i osatopa, ma shock abwino, mabushi atsopano, ndipo potsiriza kupita nayo ku makina owongola magudumu kuti onse ayang'ane njira imodzi.

Matayala nao ali ndi zaka. Pa mbali ya tayala lopangidwa kuyambira caka ca 2000 pali manambala anai otsatizana: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi caka. Tayala lolembedwa 2312 linapangidwa sabata ya 23 mu 2012, ndipo ngakhale mano ace aoneke athunthu, mphira wace ndi wokalamba ndipo angaphulike pa phula lotentha la mwezi wa October. Za mabuleki n'zosakambirana: mafuta onse atayidwe, mipaipi ya mphira isinthidwe, ndipo buleki ya pamanja igwire pa citunda.

Mseu umene ukudikira

Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570. Kupyola Chelstone ndi Chongwe mseu uli wofatsa, ndipo woyendetsa amayamba kukhulupirira galimoto yace. Mayeso ali patsogolo, m'mapiri a Manenekera ndi potsikira ku mlato wa Luangwa, umene unatsegulidwa mu 1968. Kumeneko mseu umakhota uku ukutsika, malole akulu akubwera kutsogolo, phompho liri pambali. Vaneti yolemera ikatsika ndi buleki yokha, mabuleki amatentha n'kuleka kugwira. Woyendetsa wozolowera amatsika ndi giya yaing'ono, injini n'kumathandiza kugwira galimoto. Pa ngodya zimenezo ndi pamene bushi long'aluka ndi shock yakufa zimadziulula, ndipo pamakhala popanda malo okonzera colakwa.

Lamulo lifuna kuti galimoto ikapimidwe ndi bungwe la RTSA ndi kulandira cikalata cakuti ndi yoyenera pa mseu, ikhalenso ndi msonkho ndi inshuwalansi. Abale amene anasonkha ndalama ali ndi ufulu wopempha makanika kuti awaonetse zitsulo zonse zakale zimene wacotsa, za pansi pomwe, osati za injini zokha. Ngati ndalama zapelewera, utoto ungadikire zokolola za caka camawa.

Amakanika osamala salola galimoto yotere kunyamuka ulendo wautali tsiku loyamba. Amayamba apita nayo ku Chongwe ndi kubwerera yopanda katundu, akumvetsera kugogoda ndi kuona ngati ikukokera mbali imodzi poponda buleki. Pofika amakhudza magudumu kuti amve ngati lina latentha kuposa anzace, namanganso manati onse a pansi. Tsiku la ulendo matumba olemera amaikidwa kutsogolo kwa bodi, pafupi ndi kumene kukhala woyendetsa, ndipo mpweya wa m'matayala umapimidwa m'mawa, matayala asanatenthe.